Ufa wa a Silvester

Chaka chimene anthu a m'tauni anayamba kufuna mbatata ya kuthengo, Lufina anali mayi wamasiye wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, mlimi wa kachewere m'mudzi wina kumtunda kwa Tsangano. Mbatata imeneyi si yodya ayi. Ndi chinthu chakuda, chaubweya, chachikulu ngati chibakera cha munthu wamkulu, ndipo chimamera m'mapiri mwa udzu waufupi. Kuyambira kale anthu ankangochiponda n'kumapita. Koma chaka chimenecho, cha 2001, kunamveka mphekesera yoti chimachiza matenda aja amene ankatha anthu, aja amene pamaliro sankatchulidwa dzina. A m'tauni ankachitchula m'Chingerezi kuti afirikani poteto, ndipo aliyense wotsika basi kuchokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe ankayamba wafunsa chimenecho asanafunse za moyo wa abale ake.

Lufina ankaidziwa mbatatayo kuyambira ali mtsikana. Bambo ake, malemu a Yoramu, anali ndi khola la ng'ombe, ndipo popeza iye ndiye anali wachisamba, ankapita nawo kubusa. A Yoramu sanali sing'anga. Mitengo ankaidziwa chifukwa cha ng'ombe zawo, ndipo ankaphunzitsa mwana wawoyo yakupha kuposa yochiza. Umene ankaudana nawo kwambiri unali uja ankautcha mphang'ombe, umene chaka china unawaphera ng'ombe ziwiri tsiku limodzi. Dzina lake lina Lufina sanalimvepo.

Mphang'ombe amamera malo omwewo amene imamera mbatata, ndipo ukazifukula zonse ziwiri zili ndi dothi lake, ungati n'zapachibale. Nthawi ya mvula zimasiyana msanga, chifukwa mbatata imakhala ndi masamba aubweya ndi timaluwa tachikasu. Koma udzu ukapsa masamba n'kutha, pamafunika mpeni. Mbatata ukaidula imakhala yolimba, yachikasu m'kati, ya utomoni womata, ndipo pakapita kanthawi imada. Mphang'ombe amakhala wa zigawozigawo ngati anyezi, woyera mofiirira, ndipo madzi ake amayabwa pakati pa zala. A Yoramu mbatata ankaiphikira madoda amene mkodzo unkawavuta kutuluka, komanso ankatsukira zilonda za ng'ombe. Sanatchulepo ntchito yake ina.

Amene anayamba malonda a mbatata m'deralo anali a Silvester, bambo wolankhula mokoma, woimba bwino kutchalitchi, amene kale ankapikula kachewere kukagulitsa ku Blantyre. Anthu ankakumba m'mapiri n'kubwera nayo m'matumba pakhomo pawo. Pamenepo inkadulidwa, kuyanikidwa pamphasa, kusinjidwa mumtondo, ndipo ufa wake unkaikidwa m'timapepala ta pulasitiki. A Silvester atamva kuti Lufina amaidziwa bwino, anamupempha kuti azikhala pansi pa mtengo wa pichesi pakhomo pawo n'kumasankha.

Mwezi woyamba ntchito inali yosavuta. Koma pofika mu Ogasiti mapiri apafupi anali atakumbidwa ngati mwadutsa nguluwe, moto unali utadutsa, ndipo okumba ankangofukula chilichonse chozungulira chimene khasu lagunda. Chimanga chinali chitakanika chaka chimenecho, njala inali itayamba kununkha, ndipo thumba la mbatata linali chakudya cha ana. Tsiku lina masana a Silvester anaima pafupi ndi milu iwiri imene Lufina anaunjika. Anamuitana ndi mfunda wake, monga ankachitira anthu onse.

"A Nangozo, mulu waukuluwu ndi wachiyani?"

"Wotaya."

"Wonsewu?"

"Wonsewo. Iyi si mbatata, a Silvester. Taonani." Anatenga imodzi, kuidula pakati, n'kuwaonetsa zigawo zake. "Uyu ndi mphang'ombe. Ng'ombe yamphongo imagwa naye ameneyu."

A Silvester anatenga chidutswacho, kuchinunkhiza, n'kuchiponya pamulu wabwino.

"Zikauma n'kusinjidwa zimafanana."

"Zimafanana m'maso. M'mimba ayi."

"Mayi, chiyambire kutumiza ufa ku Blantyre, ndani wabwera pano kudzadandaula?"

"Nanga amene wafa abwera bwanji?"

A Silvester anaseka pang'ono, koma maso awo sanaseke. Anati anthu ogulawo mmene alili aliyense akudziwa, ndipo iwo akungowapatsa chiyembekezo. Mawa lake Lufina atafika anapeza akazi a a Silvester atakhala pansi pa pichesi ndi mpeni, ndipo anauzidwa kuti apume kaye.

Lufina sanali munthu wosunga mawu m'kamwa. Ananena pamjigo, ananena kwa mkulu wa mpingo, ananenanso kwa okumba eni ake powakumana m'njira. Koma a Silvester anali atayamba kale kuuza anthu kuti mayiyo akufuna kutsegula malonda akeake, n'chifukwa chake akuwaipitsa. Okumba nawo ankakumbukira matumba awo amene Lufina ankawabweza. Mayi wina anamuuza pamjigo pomwepo kuti iye ali ndi kachewere m'dimba, asiye anzake adyetse ana.

Mu Seputembala kunabwera Fanizo. Anali mlongo wake wa Lufina, mzime wa a Yoramu, amene Lufina anamulera kumsana mayi awo atamwalira. Kwa zaka khumi ndi ziwiri anali telala pakhonde la sitolo ku Limbe. Anatsika pagalimoto ya kachewere ndi mkazi wake Janeti, wa ku Manjawira, atanyamula mutu wa makina osokera wokulungidwa m'bulangete. Mwana wawo mmodzi yekhayo anali atamwalira chaka chapitacho. Lufina ataona khosi la Fanizo likusambira m'kolala ya malaya, sanafunse chilichonse. Anakazira nyumba yakale ya bambo awo, nawakonzera pogona.

Fanizo anali ndi mapiritsi a chifuwa chachikulu amene anamupatsa kuchipatala, oti amwe miyezi ingapo. Ankakhala pakhonde padzuwa atatsamira khoma, akutsokomola, nthawi zina akusoka zigamba ndi singano ya pamanja kuti zala zisaiwale. Patapita sabata ziwiri, Lufina akusankha nyemba pafupi naye, iye anayamba.

"Achemwali, ku Limbe anthu akuinena kwambiri mbatata ya kwathu kuno. Ndinkachita manyazi kuwauza kuti ine mwana wa a Yoramu sindinailawepo."

Lufina anapitiriza kusankha nyemba.

"Mundikumbireko."

"Iwe Fanizo, mbatata ija siichiza matenda amenewa. Bambo ankapatsa madoda a mkodzo. Zinazi n'zonena anthu amalonda."

"Pali munthu wina wa ku Bangwe anali atagona, lero akuyenda."

"Unamuona ndi maso ako?"

"Ndinamva."

"Maliza kaye mapiritsi akowo. Ndikukudziwa iwe, ukangoyamba mbatata mapiritsi uwasiya, poti onse akutero. Komanso mapiri apafupi atha. Mvula ikagwa, ikaphuka maluwa, ndidzakukumbira yeniyeni."

Fanizo anaika singano pansi. Anakweza mkono wa malaya mpaka paphewa n'kumuonetsa mkono wake, fupa lokutidwa ndi khungu.

"Achemwali, tandiyang'anani bwinobwino. Ndikuoneka ngati munthu wodikira mvula ine?"

Mawuwo anamulasa Lufina, koma iye akalaswa ankalimba pakamwa m'malo mofewa. Anati zimene wanena wanena, ndipo anatembenukira kwa Janeti amene ankatsuka mbale pambali pa nyumba.

"Alamu, inunso mumve. Ufa wa a Silvester usalowe m'nyumba muno. Ndinali komweko ine, ndinaona zimene zimalowa mumtondo muja."

"Ndamva, alamu," anatero Janeti osadzutsa mutu.

"Nkhani yanu ndi a Silvester tinaimva kale," anatero Fanizo. Anadzuka pang'onopang'ono atagwira mzati, nalowa m'nyumba.

Masiku atatu otsatira sanamulankhule mchemwali wake. Chakudya chimene Lufina ankatumiza chinkabwerera chosakhudzidwa. Lufina ankalima m'dimba mwake koma mkono uja unali m'maso mwake. Anadziuza kuti mbatata yeniyeni, ngakhale siichiza, siipha, ndipo ngati mwanayo angaimwe pamodzi ndi mapiritsi, palibe chimene chingaonongeke. Anakumbukira phiri lina tsidya la malire, ku Mozambique, kumene bambo ake ankadyetsa ng'ombe nkhondo isanayambe, kumene okumba a a Silvester anali asanafike. Sanauze munthu. Sanafune kulonjeza chinthu chimene mwina sakachipeza, komanso, kunena zoona, sanafune kuti Fanizo aone kuti wagonja.

Lachinayi kutangocha anatenga kakhasu ndi mpeni nanyamuka. Anayenda maola atatu. Phirilo linali lupsa lokhalokha, lakuda, ndipo mphepo inkamuthira phulusa m'maso. Popanda masamba, chizindikiro chinali timiyulu ta ubweya wopserera totuluka pang'ono m'nthaka. Anagwada pa koyamba, nakumba, nadula. Zigawo ngati anyezi. Anaponya kutali. Kachiwiri chimodzimodzi, kachitatunso. Pakati pa zala panayamba kuyabwa, napukuta manja ndi dothi. Dzuwa litafika paliwombo anapeza malo ena kuseri kwa thanthwe kumene moto sunafike kwenikweni, ndipo pamenepo panali masamba ouma aubweya. Anadula yoyamba. Yachikasu, yolimba, utomoni unamata pampeni. Anaidikira mpaka inayamba kuda, ngakhale ankadziwa kale. Anakumba zisanu, nasiya zing'onozing'ono kuti zikule, nazimanga m'chitenje.

Pobwerera ankayenda mofulumira, akukonza m'mutu mawu oti akanene. Anafuna akamuuze Fanizo kuti iyi ndi ya mkodzo basi, koma poti walimbikira, nayi, ndipo mapiritsi azimwa iye akuona.

Anafika dzuwa litapendeka. Pabwalo la nyumba ya bambo ake panali amayi anayi ataima, osalankhulana. Janeti anatuluka ndi beseni, maso ali gwa.

"Alamu, munali kuti? Takusakani paliponse."

"Chachitika n'chiyani?"

"Akusanza chiyambire m'mawa. M'mimbanso mwatseguka."

Lufina anaponya chitenje pakhomo nalowa. Fanizo anali pamphasa atadzipinda, thukuta lozizira lili chuchuchu pamphumi. Lufina anagwada naika dzanja pachifuwa pake. Mtima unkagunda pang'onopang'ono, kenaka n'kuima ngati waiwala, kenaka n'kuthamanga. Anali ataumvapo mtima wotere, pa nthiti za ng'ombe, ali ndi zaka khumi ndi zitatu.

"Wamwa chiyani?"

Janeti, amene anamutsatira m'nyumbamo, anaika beseni pansi.

"Alamu, ndikufunsa inu. Wamwa chiyani?"

Janeti anapisa dzanja kudenga, pakati pa udzu ndi phaso, natulutsa kapepala ka pulasitiki kotsala theka. Kenaka anafotokoza. Fanizo anamutuma kukagula ufawo kwa a Silvester dzulo, tsiku la msika. Anamwa kapu imodzi dzulo madzulo, nasanza. M'mawa Janeti anathamangira kwa a Silvester kukafunsa, ndipo iwo anati kusanzako ndiye kuti matenda akutuluka, awonjezere. Anamwa makapu ena awiri.

Lufina anatapa ufawo ndi chala, kuunyowetsa ndi malovu, n'kuupaka m'kati mwa mkono wake pamene khungu ndi lofewa. Sipanapite nthawi, malowo anafiira nayamba kuyabwa ngati wakhudza chitedze.

Anatuma mayi mmodzi kukapempha ngolo. Iye anatola makala pamoto, kuwasinja, kuwasungunula m'madzi, namumwetsa Fanizo atamutsamiritsa pachifuwa pake. Anameza pang'ono, nabweza zonse. Lufina anayesanso kachiwiri. Ngolo inachedwa chifukwa ng'ombe zinali kubusa, ndipo pamene inkafika, mithunzi inali itatalika.

Anamugoneka pamatiresi m'ngolomo, mutu pamiyendo ya Lufina, Janeti atakhala kumapazi. Chipatala chaching'ono chinali mtunda wa maola awiri pa msewu wa mabampu. Atadutsa madimba Fanizo anatsegula maso.

"Achemwali, bwanji zinthu zonse zikuoneka zachikasu?"

"Ndi dzuwa. Khala chete."

"Munapita kuti?"

"Kuphiri la bambo lija, tsidya."

"Kukatani?"

"Kukakukumbira mbatata."

Fanizo anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Mwaipeza?"

"Ndaipeza. Zisanu."

"Mukanandiuza," anatero.

Sanalankhulenso. Anamwalira asanawoloke mtsinje wachiwiri, dzuwa likadali pamwamba pa mapiri. Mwini ngolo anaimitsa ng'ombe, navula chipewa, kenaka anazitembenuza kubwerera kumudzi.

Pamaliro, woimira banja anaima nanena kuti malemu anadwala nthawi yaitali, ndipo anthu anagwedeza mitu, poti aliyense ankadziwa tanthauzo la mawu amenewo. A Silvester anabwera ndi matabwa a bokosi pangolo yawo, ndipo kumanda ndiwo anatsogolera nyimbo. Mawu awo anali okoma ngati masiku onse. Lufina anaimva nyimboyo atakhala pansi pakati pa amayi, kapepala ka ufa kali m'lamba wa chitenje chake.

Mawa lake abale atasonkhana pabwalo kuti akambe za maliro, Lufina anapempha kuti a Silvester aitanidwe. Atafika, anaika kapepalako pakati pa bwalo.

"Fanizo sanafe ndi matenda ake. Wafa ndi ichi. Muli mphang'ombe umu. Amene akukayika abwere ndimupake pamkono."

Palibe amene anabwera. Amalume awo, mkulu wa banjalo, anatsokomola.

"Lufina, tonse tinamuona mwanayu mmene anatsikira pagalimoto. Tisafune munthu pa imfa imene inabwera kale yokha."

"Akanafa, inde. Mwina chaka chamawa. Koma Lachitatu lomweli m'mawa ankasoka chigamba pakhonde apa."

A Silvester anapempha kulankhula. Analankhula modekha, manja atawagwirizanitsa kutsogolo.

"Ine ndikumvetsa, a Nangozo ali ndi chisoni. Koma ufa umenewu amwa anthu ambirimbiri, ena ali pompano. Malemu ananditumizira mkazi wawo chifukwa chiyani? Ananena okha kuti anapempha mchemwali wawo, wodziwa mitengo kuposa tonsefe, ndipo anawakaniza. Munthu wodwala akanizidwa ndi m'bale wake, abwere kwa ine, ndimubweze? Komanso ine sindinamwetse munthu. Kapu sindinaigwire ine. Afunseni mayiwa mmene anaphikira, mwina anachulutsa."

Maso onse anatembenukira kwa Janeti. Anali atakhala pamphasa kumapeto, mpango wakuda kumutu, ndipo azakhali a Fanizo awiri anali atayamba kale kumuyang'ana mwa mtundu wina. Lufina anaona pamene nkhaniyo ikupita. Ufawo ukapezeka wolakwa, a Silvester abwerera kwawo kukadya, koma mkazi wachilendoyu, amene anagula, kuphika ndi kumwetsa, ndiye adzatchedwa wopha mwamuna wake kuyambira pano mpaka ku Manjawira.

"Janeti," anatero amalume, "ukuti bwanji? Amuna ako wawapha ndi mankhwala?"

Janeti anayang'ana pansi. "Ankadwala," anatero motsitsa. "Ankadwala kwambiri."

Lufina anadzuka, natola kapepala kaja, napita nako kuchimbudzi kukakataya. Atabwerera anapeza anthu akukamba za makina osokera.

Patapita mwezi, atameta ndi kumusudzula Janeti kuti akhoza kubwerera kwawo, iye sanapite. Anabwera kwa Lufina m'dimba, nakhala pamzere wa kachewere. Anamasula bulauzi pang'ono namuonetsa nthiti zake. Panali mzere wa matuza a mashingozi, kuchokera kumsana kufika pansi pa bere.

"Kwathu akandiona chonchi akandigoneka kukhitchini," anatero. "Mayi anga anamwalira, kuli akazi a achimwene."

"Khalani konkuno."

"Alamu, zija munabwera nazo tsiku lija ndinazitola pakhomo. Ndinazikwirira mumchenga kuseri kwa nyumba."

Lufina anaimika khasu.

"Ndikudziwa kuti sizichiza," anatero Janeti. "Munanena ndinamva. Koma kungokhala osamwa kanthu, kumangodikira, sindingathe. Ndikapanda kumwa zanu, tsiku lina ndidzapezeka ndapitanso kuja."

Madzulo a tsiku lomwelo Lufina anafukula mbatata zija, nadula iliyonse pakati Janeti akuona, namuonetsa chikasu chake ndi utomoni wake. Anaphika kachidutswa kakang'ono m'madzi ambiri. Kuyambira pamenepo, miyezi iwiri iliyonse ankapita kuphiri la tsidya, maola atatu kupita, atatu kubwera. Njala ya chaka chimenecho inafika poipa, anthu anadya gaga ndi mizu ya nthochi, koma awiriwo anapulumukira kachewere wa m'dimba. Janeti ankasoka ndi makina a Fanizo, amene abale anamusiyira chifukwa panalibe wina wodziwa kupalasa. Ankadwala n'kudzuka, kudwala n'kudzuka. Za tsiku la bwalo lija sanakambiranepo ngakhale kamodzi.

A Silvester anapitiriza malonda awo zaka zina ziwiri. M'midzi yozungulira munachitika maliro ena a anthu amene anasanza tsiku limodzi n'kupita, ndipo onsewo ankanenedwa kuti anadwala nthawi yaitali. Kawiri Lufina anapita kusiwa nafunsa mwakachetechete chimene malemu anamwa, ndipo kachiwiriko anamutulutsa. Mapiri atatheratu ndipo a m'tauni atayamba kuthamangira mankhwala ena atsopano, a Silvester anasiya okha, namanga chigayo pafupi ndi msika.

Chakumapeto kwa 2004 kunamveka kuti kuchipatala cha kuboma kwafika mankhwala otalikitsa moyo, aulere. Janeti nthawi imeneyo anali atagona, miyendo itatupa. Lufina anamukweza pagalimoto ya kachewere, nagona naye pakhonde la chipatala masiku anayi mpaka dzina lake linalembedwa. Patatha miyezi isanu ndi umodzi Janeti ankasenza yekha ndowa kuchokera kumjigo. Patatha chaka masaya anabwerera, ndipo amene sanamuone kale sakanadziwa kuti anadwalapo.

Mapiritsiwo Janeti ankamwera m'nyumba, chitseko chili chotseka, ndipo ulendo wa kuboma mwezi ndi mwezi ankati akukagula ulusi. Chimene anthu anaona ndi maso awo kwa zaka zitatu chinali Lufina akutsika phiri ndi mtolo m'chitenje. Choncho m'mudzi monse nkhani inakhazikika yakuti Janeti wachira ndi mbatata ya a Nangozo. Ndipo nkhaniyo inali ndi mchira wake. Ngati mayiyu anali ndi mankhwala enieni, oti n'kudzutsa munthu wotupa miyendo, bwanji anamumana mlongo wake wa bere limodzi? Ena ankati ankafuna dimba la bambo awo likhale lake yekha. Ena ankati ndi mtima chabe, anthu odziwa mitengo amakhala otero. Azakhali aja anasiya kumulonjera.

Lufina anamupempha Janeti kamodzi kokha.

"Alamu, mukanawauza anthuwa chimene chakudzutsani."

Janeti anali akupalasa makina. Anaimitsa phazi.

"Ndikanena za mapiritsi, ndiye kuti ndanena matenda. Ndani adzabweretsenso nsalu yake pano?" Anasalaza nsalu imene inali pamakinapo. "Komanso pali bambo wina wa ku Manjawira, mkazi wake anamwalira. Iyeyo ndinamuuza zonse, nayenso akumwa. Koma abale ake sakudziwa."

"Chabwino," anatero Lufina.

Janeti anakwatiwa chaka chotsatira, napita ndi makina aja. Polawirana analira kwambiri, namusiyira Lufina diresi labuluu limene anamusokera. Lufina analiika m'sutikesi.

Chimanga chake ankakagayitsa kuchigayo cha kutali, kudutsa cha a Silvester chili pamsewu pomwepo, ndipo anthu ankati taonani nsanje yake mpaka lero. A Silvester akamuona akudutsa ndi thumba pamutu ankamulonjera mwaulemu, mokweza, kuti onse amve.

Tsiku lina m'mawa, mwezi wa Okutobala, Lufina akuthirira kabichi, kunabwera mayi wina dzina lake Loyce, wa m'mudzi woyandikana nawo. Anali mmodzi wa okumba aja amene matumba awo ankabwezedwa pansi pa pichesi. Anagwada m'mphepete mwa dimba nafotokoza kuti mwana wake wamkazi wabwera kuchokera ku Lilongwe, watha thupi, sakudya.

"Pitani naye kuboma akamuyeze magazi," anatero Lufina. "Kuli mankhwala masiku ano. Amenewo ndiwo amadzutsa anthu. Mbatata siichiza, mayi. Sinachizepo munthu."

Loyce anamwetulira ngati munthu amene akudziwa kuti akumubisira.

"A Nangozo, tonse tinamuona Janeti."

"Janeti munamuona, koma simunaone zonse."

"Ine ndabwera ndi ulemu. Zakale zija tinalakwa, inali njala. Chonde, musandikanize ngati mmene munamukanizira Fanizo."

Lufina anaika kheni yothirira pansi. Madzi anatayikira pamapazi pake. Anafuna kunena zambiri, za ngolo, za mtsinje wachiwiri, za kapepala kamene kanali kudenga, koma anaona pankhope ya Loyce kuti zonsezo zikafika kumjigo zitasanduka zina. Anaonanso kuti akamubweza, mayiyu atenga khasu lake lomwe lija n'kupita yekha kulupsa.

"Mawa m'mawa mukakwere naye galimoto ya kuboma," anatero. "Mukabwera mundionetse kabuku ka kuchipatala. Ndikakaona, mbatata mudzaipeza pano. Koma musakumbe nokha, ndipo musagule ufa kwa munthu aliyense."

Loyce anaomba m'manja mothokoza, nanyamuka. Asanafike kumsewu anakumana ndi amayi awiri ochokera kumjigo, ndipo Lufina anawaona ataima, mitu pamodzi, mmodzi akucheukira kudimba. Anatola kheni napita kukatunganso madzi. Mawondo ake anali atayamba kuvuta chaka chimenecho, ndipo phiri la tsidya linali pa mtunda womwe uja.